Bokosi la ndalama lili ndi maloko atatu, nanga matenda athu?

Mawu amene mmodzi wa mamembala athu, mayi wa geni ya zitenje, analankhula pa msonkhano wokumbukira tsiku limene mgwirizano wathu unayamba

 

Akomiti atandipempha kuti ndilankhule, ena amaganiza kuti ndikamba za kukwera kwa dola kapena za msonkho wa paboda. Zimenezo tikambirana pa nkhomaliro, sizidzatha. Ine ndasankha nkhani imene timaizemba: matenda athu amawadziwa ndani, ndipo amawadziwa bwanji masiku ano pamene chilichonse chikudutsa pa foni. Ndili ndi pempho limene ndikufuna kuti livoteredwe tisanabalalike, choncho mundimvetsere mpaka ndifikeko.

Kaya kwanu mumati banki mkhonde, chilimba, mukando, xitique kapena stokvel, pa ndalama sitichita zamasewera. Magulu ambiri muno ali ndi bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi ngakhale imodzi. Masheya amalembedwa m'buku pamaso pa aliyense. Kwacha imodzi ikasowa sitibalalika mpaka ipezeke.

Tsono taonani zimene zimachitika mayi akadwala nafuna thandizo la thumba ladzidzidzi. Popeza tili m'mayiko osiyana ndipo sitingakumane sabata iliyonse, magulu ambiri anagwirizana kuti wopemphayo atumize umboni pa gulu la WhatsApp. Ndiye mayi amatsegula buku lake lakuchipatala, kujambula tsamba, kutumiza. Pa tsambalo pali dzina lake, zaka zake, tsiku limene anapita, matenda amene adokotala anapeza, mankhwala amene anamulembera. Nthawi zambiri pamwamba pake pamaonekanso zimene analembedwa ulendo watha, zosakhudzana n'komwe ndi pempho lalero. Chithunzicho chimagwera m'mafoni a anthu makumi asanu kapena asanu ndi limodzi, m'mayiko anayi, pa mphindi imodzi. Palibe loko ngakhale limodzi.

Ndikudziwa chifukwa chake lamuloli linabwera. Analipo anthu amene ankanamizira matenda kuti atenge ndalama zokaodera katundu, ndipo asungichuma anatopa ndi kunenedwa kuti amakondera. Umboni ndi wofunika, sindikutsutsa. Funso langa ndi lakuti umboniwo auone ndani.

Ena anandiuza kuti, "Asisi, WhatsApp ndi yotetezeka, ngakhale eni kampani sawerenga mauthenga." N'zoona kuti uthenga umayenda wotsekedwa kuchoka pa foni yanga mpaka pa yanu. Koma ukafika umatseguka, ndipo mafoni ambiri amasunga okha chithunzi chilichonse chimene chabwera, pamodzi ndi zithunzi za ukwati ndi za ana. Tsono ganizirani manja amene foni yanu imadutsamo pa sabata. Mwana amaitenga kuti aonere makatuni. Bambo amaibwereka kuti awo atha mayunitsi. Magetsi akazima mumakaisiya pa shopu kuti itchajidwe. Mumaipereka kwa mnyamata wa pamsika kuti akuikireni nyimbo zakwaya, kapena kwa wokonza mafoni galasi likasweka, ndipo iye amakufunsani pasiwedi kuti "ayese ngati ikugwira". Geni ikavuta mumaigulitsa osafufuta kanthu. Mayi wodwala uja anaganiza kuti wauza amayi anzake a m'gulu, osadziwa kuti wauzanso amuna awo, ana awo ndi anyamata a pamsika.

Ndapempha chilolezo kwa mnzathu wina kuti ndinene zimene zinamuchitikira, ndipo dzina lake ndi dziko limene ali sinditchula. Amagulitsa zakudya zophikaphika. Anapezeka ndi chifuwa chachikulu, anayamba mankhwala, ndipo anatumiza khadi lake pa gulu kuti athandizidwe ndalama zoyendera. Thandizo analandira. Patapita masabata ochepa makasitomala anayamba kudutsa pa benchi yake n'kukadya kwa woyandikana naye. Chithunzicho chinali chitafika pa gulu lina la mavenda a msika womwewo. Mankhwala a TB ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo munthu akawamwa mokhulupirika sachedwa kusiya kupatsira ena, koma ndani pamsika amene akanamvera zimenezo? Iye anachira. Geni yake sinachire, anachita kusamuka. Ndalama imene tinamuthandiza nayo inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene anataya. Amene anatulutsa chithunzicho mwina sanafune zoipa, mwina ankangoti anzake amupempherere. Koma madzi akatayika saoleka.

Amayi anzanga, chinsinsi cha wodwala sichinabwere ngati mphatso. Anthu anachimenyera, ndipo ambiri mwa iwo anali amayi osauka kuposa ife. Nonse amene mumadutsa njira ya ku Zóbuè mumaidziwa Mwanza. Mu 2009 apolisi kumeneko anagwira amayi amene ankawaganizira kuti ndi oyendayenda, n'kupita nawo kuchipatala cha boma kukawayeza HIV popanda chilolezo chawo. Zotsatira zake zinawerengedwa poyera m'khoti, anthu akumva. Ena mwa iwo anamva koyamba za mthupi mwawo pamaso pa gulu. Amayi 11 anakasuma, mlandu unatenga zaka, ndipo mu Meyi 2015 Justice Dorothy Kamanga wa khoti lalikulu ku Blantyre anagamula kuti zimene zinachitikazo zinaphwanya ufulu wawo wokhala ndi chinsinsi ndiponso ulemu wawo ngati anthu. Ufulu wa chinsinsiwo uli mu gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi. Kaya ntchito ya amayi amenewo mumaiona bwanji, chigamulocho chimateteza inu ndi ine.

Patapita zaka ziwiri, mu Novembala 2017, aphungu ankakambirana lamulo la HIV ndi Edzi. Mmene linalembedwera poyamba, linkafuna kuti amayi oyembekezera ndi antchito a m'nyumba aziyezedwa mokakamiza, ndiponso kuti kupatsira wina kachilombo ukhale mlandu. Amayi amene ali ndi kachilomboka anapita okha kukalankhula ndi aphungu. Anawafotokozera kuti mayi ndi amene amayamba kudziwa chifukwa cha sikelo, choncho ndi amene azidzalozedwa chala ndi kumangidwa. Magawo amenewo anachotsedwa. Lamulo limene linatuluka mu 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha HIV ndipo limateteza chinsinsi chake. Tsono si zomveka kuti zimene khoti linaletsa apolisi, ndi zimene nyumba ya malamulo inakana, tizichitirana tokha pa foni chifukwa cha ndalama ya thumba ladzidzidzi.

Ndisapite patali ndisananene mbali inayo, chifukwa sindikufuna wina atuluke muno akuganiza kuti ndati tizibisa matenda kuchipatala kapena kuti makompyuta ndi oipa. Ife oyenda maulendo ndi amene tikufunika kwambiri kuti mbiri ya matenda athu izititsatira.

Zipatala zasintha. Ku Malawi makompyuta ogwira ndi chala aja anayambira pa chipatala cha Kamuzu Central ndi bungwe la Baobab Health Trust, ndipo lero muwapeza m'malo ambiri olandirirako ma ARV. Kapepala ka mizeremizere kamene amamata pa buku lanu ndi kamene kamatsegula mbiri yanu. Ku Zambia kuli SmartCare, ku Zimbabwe kuli Impilo. Phindu lake n'looneka. Buku likanyowa ndi mvula kapena likabedwa pamodzi ndi chikwama pa depoti, adokotala amadziwabe mankhwala amene mumamwa, tsiku limene munayezedwa magazi komaliza, ndi mankhwala amene thupi lanu limakana. Vuto lathu ndi lakuti makina amenewa amathera paboda. Kompyuta ya ku Mchinji siilankhula ndi ya ku Chipata, ngakhale kuti kuyambira Disembala 2022 pa Mwami katundu wathu amaonedwa pamalo amodzi ndi maboma onse awiri. Mtolo wa zitenje uli ndi mapepala amene mayiko awiri amawazindikira, koma mayi wonyamula mtolowo, wa shuga kapena wa BP, akakomoka tsidya linalo amayambira pa ziro.

Chifukwa cha zimenezi, ndiponso chifukwa cha mantha, ena mwa ife amachita zinthu zoopsa. Mayi amalembetsa ma ARV kuchipatala chakutali kuti asakumane ndi anansi. Akapita ku Joni mankhwala n'kumuthera, amakalembetsa ngati munthu watsopano, mwina ndi dzina lina, n'kuyezedwanso ngati sanayambepo. Kwawo amamulemba kuti anathawa mankhwala, ndipo alangizi azaumoyo amapita kukamufunafuna pakhomo, n'kupeza apongozi. Chinsinsi chimene ankachiteteza chija chimaululika m'njira yoipitsitsa. Kumene wapitako adokotala sakudziwa kuti mankhwala ena anamukana kale kapena anasiya kugwira ntchito mthupi mwake, ndiye akhoza kumubwezera pa omwewo.

Njira yabwino ilipo ndipo siilira ndalama. Ku Malawi ndi ku Zambia munthu amene akumwa bwino ndipo magazi ake ali bwino akhoza kupatsidwa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Muwauze anamwino kuti ndinu woyenda maulendo, muwauze tsiku lonyamuka. Ngati mukakhalitsa, pemphani kalata yosamukira, imene imanena mankhwala anu ndi tsiku limene munayamba. Kalatayo muisunge pathupi, osati m'chikwama cha katundu chimene chimakwera pa ngolo ya basi. Ndipo akakufunsani nambala ya foni, musapereke ya bambo kapena ya mchemwali chifukwa choti yanu ilibe moto tsiku limenelo. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Mundiimbire ine ndekha, kunyumba musabwere," kapena "Musanditumizire uthenga wolemba." Anamwino ambiri amalemekeza zimenezi mukanena. Sangalote.

Pa nambala pomwepa pali kanthu kena kamene kamakhudza ife a maulendo kuposa wina aliyense. Aliyense muno ali ndi kachikwama ka ma SIM: wa Airtel kapena TNM, wa MTN, wa Econet, wa Vodacom. Nambala ikakhala miyezi yambiri osagwiritsidwa ntchito, kampani imaitseka n'kudzaigulitsa kwa munthu wina. Ngati nambala imeneyo ndi imene munasiya kuchipatala, uthenga wokukumbutsani tsiku lokatenga mankhwala udzapita kwa mlendo, mwina ndi dzina lanu pamwamba. Mukasiya nambala, kasinthitseni kuchipatala monga mmene mumathamangira kukasinthitsa ya Mukuru kapena ya Mpamba.

Tsono tibwere kwa akuluakulu, chifukwa si zonse zimene zili m'manja mwathu. Mbiri ya anthu mamiliyoni ikaunjikidwa pamalo amodzi, akuba amaifuna. Mu Juni 2024 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a National Health Laboratory Service, bungwe limene limayeza magazi a zipatala za boma ku South Africa konse. Kwa masabata angapo zotsatira sizinkatuluka mwa nthawi zonse, madokotala ankachita kuimbirana foni ndi kulemba pamanja, ndipo odwala ankadikira. Amayi a ku Joni mukukumbukira. Ilo ndi dziko la ndalama kuposa mayiko athu onse. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, tinaphunziranso china: makina ambiri osunga mbiri ya odwala HIV m'mayiko athu, ndi anthu owayendetsa, ankalipiridwa ndi ndalama za PEPFAR. Ine ngati munthu wa geni ndimadziwa kuti amene walipira lendi ya shopu ndi amene amasunga kiyi. Boma lililonse likamasainirana pangano la thandizo la zaumoyo, ife eni matenda tiyenera kufunsa kuti mbiri yathu ikusungidwa kuti, angaione ndani, ndipo wothandizayo akachoka ikhala m'manja mwa yani.

Malamulo alipo, ndipo ndi atsopano moti ambiri sitinawamve. South Africa ili ndi POPIA, imene inayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, ndipo madandaulo amapita ku ofesi ya Information Regulator. Zambia inakhazikitsa Data Protection Act mu 2021. Zimbabwe nayo inakhazikitsa lake chaka chomwecho, ndipo woyang'anira ndi POTRAZ. Malawi inabwera pambuyo ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo udindo unaperekedwa kwa MACRA, omwe aja a mawailesi ndi mafoni. Mawu amasiyana koma mfundo zikufanana. Za umoyo wa munthu zili m'gulu la zinthu zofunika chitetezo chapadera. Wozitenga ayenera kunena chimene akufuna kuchita nazo ndipo asatenge zoposa zimene akufunikira. Mwini wake ali ndi ufulu wofunsa zimene zasungidwa za iye ndi kukonzetsa zolakwika. Pamenepa alembi mutchere khutu: gulu limene limasunga mayina, manambala a ziphaso ndi mapepala akuchipatala a mamembala ake nalonso ndi losunga mbiri ya anthu. Tisamaganize kuti malamulowa ndi a mabanki ndi zipatala zokha.

Kodi lamulo lolembedwa limathandiza mayi amene ali pa bedi m'dziko la eni? Osati nthawi zonse. Mu Ogasiti 2022 tonse tinaonera kanema wa Dr Phophi Ramathuba, amene panthawiyo anali mkulu wa zaumoyo m'chigawo cha Limpopo, akudzudzula mayi wa ku Zimbabwe amene anagonekedwa pa chipatala cha Bela-Bela, kuti alendo akutha ndalama za zipatala zawo. Anthu anatsutsana kwambiri ngati ananena zoona kapena ayi. Ine chimene chinandiwawa n'chakuti munthu wodwala, wogona, wosatha kudzuka n'kuchoka, anajambulidwa n'kuonetsedwa dziko lonse, anthu ozungulira akuseka. Ndipo ena mwa ife tinautumizirana kanemayo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuyambira pamenepo zinthu zinafika poti a Operation Dudula ankaima pa zipata za makiliniki kumafunsa anthu ziphaso ndi kubweza alendo. Amayi athu ambiri anasiya kupita kusikelo ndi kukatenga mankhwala. Dziwani izi ndipo mukauze amene sanabwere. Malamulo aakulu a South Africa, gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma posatengera dziko limene achokera kapena mapepala amene ali nawo. Mu Novembala 2025 khoti lomwelo linaletsa a Dudula kutsekereza anthu pa zipatala, n'kunena kuti ofunsa ziphaso ndi apolisi ndi a imigireshoni okha. Munthu woima pa geti alibe ufulu woona pasipoti yanu, ndiye kuli bwanji khadi lanu lakuchipatala. Ndikudziwa kuti kunena pano n'kosavuta kusiyana ndi kuima pa getipo m'mawa uli wekha. N'chifukwa chake magulu a ku Joni ayenera kumaperekezana, awiriawiri kapena atatu, ndipo woperekeza safunika kudziwa chimene mnzake akukatenga. Amangodikira panja.

Pali ena amene amafuna mbiri yathu mwaulemu, akumwetulira. Amabwera pa misonkhano yathu ndi fomu, kapena amatumiza linki pa gulu: inshuwalansi ya maliro, inshuwalansi yakuchipatala, mankhwala azitsamba ochokera kunja, kuyeza thupi lonse ndi kamakina kogwira m'manja. Fomuyo imafunsa matenda amene muli nawo, a amuna anu, a ana anu, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya foni. Kumbukirani kuti ku Malawi kuyambira 2018 SIM iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, ndiye nambala ya foni ndi dzina lanu lenileni. Ena mwa anthu amenewa ndi a makampani enieni ndipo ali ndi chifukwa chofunsira. Ena akungotolera mayina kuti akagulitse. Wapampando asamapereke mndandanda wa mamembala kwa aliyense wobwera ndi tisheti ya kampani. Afunseni laisensi, afunseni kumene mapepalawo akasungidwe, ndipo aliyense adzaze yekha fomu yake ngati wafuna, osati mlembi kudzazira gulu lonse pa tebulo limodzi anthu akusuzumira.

Ngongole za pa foni ndiye n'zoopsa kwambiri. Pulogalamu imakuuzani kuti mulandira ndalama pa mphindi zisanu, koma muilole ione manambala onse ndi zithunzi zonse za mufoni. Mukachedwa kubweza amatumiza mauthenga kwa abusa anu ndi apongozi. Zinafika poipa m'mayiko ngati Kenya, Nigeria ndi India moti kuyambira pa 31 Meyi 2023 kampani ya Google inaletsa mapulogalamu a ngongole a mu Play Store kuona manambala ndi zithunzi za anthu. Koma pulogalamu imene mwaitenga pa linki ya pa WhatsApp siidutsa ku Google. Ngati mufoni yanu muli tsamba la buku lakuchipatala la mnzanu, mwaperekanso limenelo. Tili ndi gulu lobwereketsana kuti tisagwe m'manja mwa akatapila amtundu umenewu.

Kwa ana athu aakazi ndinene mwachidule. Ambiri ali ndi mapulogalamu owerengera masiku akumwezi. Mu 2021 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linaimba mlandu eni pulogalamu yotchedwa Flo kuti ankapereka zimene amayi amalembamo ku makampani ngati Facebook ndi Google, atalonjeza kuti n'zachinsinsi. Chinthu chaulere pa foni chili ndi pamene chimadyera. Mtsikana wofuna kufunsa za mthupi mwake mwachinsinsi ku Malawi akhoza kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni kwaulere, n'kulankhula ndi wazaumoyo weniweni. Kuli bwino kusiyana ndi kufunsa pa gulu la Facebook la anthu zikwizikwi pamene dzina ndi nkhope yake zikuoneka.

Nkhani ya Facebook ikundikumbutsa za zopereka. Munthu akafunika opaleshoni ku India kapena ndalama zambiri za khansa, abale amajambula chotupa, bala, kalata ya adokotala, n'kuika pa intaneti ndi nambala ya Airtel Money. Nthawi zina zimathandizadi, ndipo sindingaweruze banja limene lasowa pogwira. Koma wodwalayo afunsidwe ali ndi nzeru zake, auzidwe kuti chithunzicho sichidzafufutika ngakhale atachira, ndipo akuba amatha kuchitenga n'kuikapo nambala yawo. Ngati ndi mwana, bisani nkhope. Adzakula, adzafuna ntchito ndi banja.

Tsopano pempho langa, Amayi wapampando. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Ndikupempha kuti m'malamulo a mgwirizano wathu mulowe mawu akuti pepala lililonse lakuchipatala, chithunzi cha wodwala kapena dzina la matenda a membala zisaikidwe pa gulu la WhatsApp, ngakhale mwini wake atafuna. Ndanena dala kuti ngakhale mwini wake atafuna, chifukwa munthu amene akufuna ndalama ya mankhwala usiku amavomera chilichonse, ndipo akayamba mmodzi ena onse amaoneka ngati akubisa kanthu. Gulu lililonse lisankhe amayi awiri oona za odwala, monga mmene timasankhira osunga makiyi, ndipo wodwala akhale ndi ufulu wokana mmodzi wa iwo ngati ndi wachibale wa amuna ake kapena wopikisana naye pa geni, n'kusankha wina. Awiriwo aone umboni ndi maso. Ngati wodwala ali kutali, awaonetse pa vidiyo kolo, kapena atumize chithunzi chija chotseguka kamodzi kokha, chimene WhatsApp ili nacho, mumangodina kachizindikiro ka 1 musanatumize. Umboni wokwanira ndi dzina, tsiku ndi chidindo cha chipatala. Mzere wa matenda auphimbe ndi chala ngati akufuna. Awiriwo auze gulu mawu awiri okha, "Taona, n'zoona," ndipo mlembi alembe m'buku kuti "matenda", basi, monga mmene amalembera "maliro" osatchula chimene chinapha munthu.

Ena afunsa kuti nanga awiriwo akagwirizana ndi wonama? Zikhoza kuchitika, monganso osunga makiyi atatu akhoza kugwirizana kutsegula bokosi usiku. Sitinathetse maloko chifukwa cha zimenezo. Tinaika chilango ndi chisankho cha chaka ndi chaka. Tichitenso chimodzimodzi, ndipo chilango cha woulula matenda a mnzake chikhale cholemera ngati cha wakuba ndalama: chindapusa ulendo woyamba, kuchotsedwa m'gulu ulendo wachiwiri, masheya ake n'kumubwezera pa tsiku logawana. Kutaya ndalama pang'ono kwa wonama mmodzi pa chaka ine ndikhoza kupirira. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi amayi amene amasonkha thumba ladzidzidzi mwezi uliwonse koma sanapemphepo, osati chifukwa sadwala, koma chifukwa akudziwa mtengo wa kupempha. Asungichuma mukayang'ana m'mabuku anu muwadziwa.

Chotsalira ndi zithunzi zimene zili kale m'mafoni athu. Lamulo latsopano silizifufuta. Ndikupempha kuti tikamaliza kuvota, tisanapite ku nkhomaliro, tikhale mphindi khumi aliyense ndi foni yake m'manja, atsegule zithunzi za gulu, afufute pepala lililonse lakuchipatala limene si lake, alowenso mu galare ndi mu bini kufufuta komweko. Amene sadziwa pochitira akweze dzanja, atsikana a komiti ya achinyamata ali kumbuyoko kuti akuonetseni podina, foni ili m'manja mwanu. Muzimitsenso kusunga zithunzi kokhakokha pa gulu lathu. Amene mafoni awo anatsala kunyumba kapena ali ndi bambo, alembi a magulu awo awakumbutse pa msonkhano woyamba wa mwezi wamawa.

Amayi wapampando, pempho ndalipereka, ndipo ndalilemba pa pepala ili m'Chichewa. Amayi a ku Tete ndi a ku Harare anena kuti atithandiza kulimasulira m'Chipwitikizi ndi m'Chishona madzulo ano. Ndikufuna wondivomereza mmodzi kuti lipite ku voti.